Digiri isanatuluke, ayambe awerenga mitengo ya ku Chongoni

Nthawi iliyonse mayunivesite akatulutsa ophunzira, mkangano womwe uja umabukanso pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: kodi anawa akuphunzira chiyani chomwe chikuwasiya akuzungulira m'tauni ndi maenvelopu a khaki? Makosi omwe amalozedwa chala msanga ndi aja osankha wekha, makamaka okhudza chilengedwe. Pali ecology, yomwe imafufuza momwe zomera, nyama, tizilombo, nthaka ndi madzi zimadalirana. Pali kasamalidwe ka nkhalango ndi nyama zakutchire. Palinso modelling, komwe ndi kugwiritsa ntchito masamu poyerekeza momwe chiwerengero cha mitengo, nsomba kapena mbozi chisinthire kutsogoloku. Ambiri amati amenewa ndi makosi ongodzazira fomu, achotsedwe kuti papezeke malo a zamalonda ndi zamakompyuta. Ine ndikuti ayi. Makosiwa asachotsedwe, koma atsegulidwe kwa ophunzira zaulimi, zauinjiniya, zachuma ndi zauphunzitsi, ndipo aziphunzitsidwa kutchire, tepi ili m'manja, pamodzi ndi masamu ake. Ecology yongoloweza m'kalasi, yopanda kuyeza kanthu, imeneyo ndiye ikhoza kuchotsedwa ngakhale mawa, sindingaiikire kumbuyo.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe nkhaniyi ikutikhudzira ife a ku Dedza ndi Ntcheu kuposa ena. Maboma awiriwa adakhala pamtunda, ndipo madzi omwe anthu a kumunsi amamwa ndi kuthirira amatsika kuchokera m'mapiri mwathu kudzera mu Linthipe, Diamphwe, Namikokwe, Livulezi ndi Rivirivi. Nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima, Mua-Livulezi, Mvai ndi Dzonzi ndizo zimasunga madziwo kuti asathe ndi mvula yomwe. Mu 2018 damu la Mpira ku Ntcheu lidauma, mipopi ya anthu zikwizikwi ku Ntcheu ndi Balaka n'kutsala ikungotulutsa mphepo. Mvula idachepa, inde, koma nkhalango ya Mvai komwe madzi a damuli amachokera idaali itadulidwa ndi kulimidwa, ndipo matope adakhala akulowa m'damumo kwa zaka. Tsono dzifunseni kuti ndani amasankha pomanga damu, podutsitsa msewu, pogawa ndalama za khonsolo, kapena pouza mlimi mankhwala oti apopere. Si katswiri wa zamoyo ayi. Ndi injiniya, ndi wazachuma, ndi mkulu wa mapulani ku khonsolo, ndi mlangizi wa zaulimi. Ngati anthu amenewa adatuluka ku yunivesite osakhudzako ecology ngakhale semesita imodzi, ndiye kuti ziganizo zikuluzikulu za nkhalango ndi mitsinje yathu zili m'manja mwa anthu omwe sadaphunzitsidwe kuiyeza.

Taonani kuchepa kwa masamu omwe akufunika. Kafukufuku wa boma mothandizidwa ndi mabungwe a United Nations adapeza kuti mu 2014 dziko lino limataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Tiyerekeze damu lomwe limalandira madzi kuchokera pa mahekitala 1,000 olimidwa popanda migula kapena vetiva. Dothi lokokoloka ndi matani 29,000 pa chaka. Lambiri limatsakamira m'mizere ndi m'madambo, choncho tinene kuti gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndilo likufika kudamu. Awo ndi matani 2,900, ngati malole pafupifupi 100 a matani 30 akukhuthula dothi m'damu chaka ndi chaka. Injiniya yemwe adawerengerapo zimenezi kamodzi ali pasukulu salemba bajeti ya konkire yokha, amaikamo ndi ndalama zosamalira kumtunda. Amadziwanso chinthu chomwe ambiri obzala mitengo pa zikondwerero sachidziwa, choti si mtengo uliwonse umathandiza madzi. Bulugamu wobzalidwa pakasupe amamwa madzi ambiri mpaka kasupe kuphwa m'chilimwe, pomwe katope ndi mitengo ina yachilengedwe ya m'mbali mwa mitsinje imagwira gombe popanda vuto lotere.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya ntchito, ndipo ndi yolemera. Kholo la ku Tsangano lomwe lagulitsa mbatatesi zonse kuti mwana akhale pasukulu, mwanayo alinso ndi ngongole ya boma yoti adzabweze, lili ndi ufulu wofunsa kuti kosi iliyonse idzabala chiyani. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye mwana asankhe akaunti kapena zamalonda, zomwe zimaoneka pa malonda a ntchito m'nyuzipepala. Ndikuvomereza kuti ecology payokha siyilemba munthu ntchito, ndipo ofesi ya zankhalango siyilemba anthu ambiri chaka chilichonse. Komabe tisasokoneze digiri yonse ndi kosi imodzi. Pa zaka zinayi wophunzira amatenga makosi makumi angapo, ndipo tikukamba za imodzi kapena ziwiri. Funso loyenera ndi loti pa anthu awiri okhala ndi digiri yofanana ya zaulimi, ndani angagwire ntchito yomwe mnzake sangathe. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe lidakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu monga misewu, madamu ndi migodi ziyambe zaunikidwa momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu. Dziko lino lidalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Malonda a kaboni, olipira anthu chifukwa cha mpweya woipa womwe mitengo yawo imasunga, omwe akukambidwa ponseponse masiku ano, amalipira pa matani oyezedwa, osati pa zithunzi za mbande zili m'machubu. Ntchito zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuika mabwalo oyezera mitengo m'nkhalango, kulemba manambala moona, ndi kufotokoza tanthauzo lake. Akasowa wotere kuno, amabwera wakunja kudzalandira ndalama zake, achinyamata athu n'kumamunyamulira tepi.

Mfundo yachiwiri ndi yomwe imamveka yanzeru kwambiri, ndipo ndiyo ndikufuna kukhalapo nthawi. Amati vuto tikulidziwa kale. Nkhalango zikutha chifukwa cha umphawi, makala ndi kusowa kwa magetsi odalirika, ndiye palibe chifukwa chotumizira ana kukachita masamu pa chinthu chomwe aliyense wodutsa pa msewu wa M1 akuchiona ndi maso, matumba a makala atandandalikidwa kuyambira ku Linthipe mpaka ku Kampepuza. Zoona, komwe zinthu zikulowera tikukudziwa. Chomwe sitidziwa ndi kuchuluka kwake, ndipo popanda kuchuluka palibe lamulo la m'mudzi lomwe lingagwire. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ikapatsidwa nkhalango yake, funso loyamba pabwalo la mfumu limakhala loti tingadule zingati pa chaka osaimaliza. Kuyankha kuti tisamale chilengedwe si yankho.

Yankho limapezeka motere, ndipo wophunzira wa chaka chachitatu angathe kulipeza m'masabata awiri. Tiyerekeze nkhalango ya m'mudzi ya mahekitala 20 ya mombo, msuku ndi muwanga. Amaika mabwalo ozungulira 25, lililonse chingwe chake chotalika mamita 11.3 kuchokera pachikhomo cha pakati, zomwe zimapereka masikweya mita 400. Mabwalo 25 amakwana hekitala imodzi, kutanthauza magawo 5 pa 100 a nkhalango yonse. M'bwalo lililonse amayeza mtengo uliwonse wokula kuyambira masentimita 5 m'mimba mwake, pamsinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi. Tepi ya telala imakwanira: muyeso wozungulira thunthu augawe ndi 3.14. Zolakwika zimachitika pamalo odziwika. Ophunzira akasiyidwa kuti asankhe okha poika bwalo, amasankha pafupi ndi njira pomwe mitengo idatha, kapena pamthunzi pomwe pali mitengo yokongola, ndipo zotsatira zimanama mbali iliyonse. Choncho malo a mabwalo amayenera kulembedwa pa mapu asanalowe m'nkhalango. Pamalo otsetsereka, ngati momwe alili mapiri athu ambiri, chingwe chikagona pansi bwalo limachepa, ndiye chiyenera kugwiridwa mopingasa. Mtengo womwe wapanga mphanda pansi pa mamita 1.3 umawerengedwa ngati mitengo iwiri. Ndipo pomwe payezedwa papakidwe penti, chifukwa chaka chamawa wina akadzayeza chikhatho chimodzi kumunsi, adzapeza kukula komwe sikudachitike, popeza mitengo ya miombo imangowonjezera mamilimita ochepa pa chaka.

Akayeza zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, amadziwa nkhuni zomwe nkhalangoyo imawonjezera. Tinene kuti apeza matani awiri a nkhuni zouma pa hekitala pa chaka, ndiye kuti matani 40 pa nkhalango yonse. Mudziwo uli ndi mabanja 60, ndipo sikelo yopachika yaonetsa kuti banja limatentha makilogalamu 7 pa tsiku. Pa chaka ndi matani 153, pafupifupi kanayi kuposa zomwe nkhalango ikubereka. Uvuni wa dothi umadya makilogalamu pakati pa 6 ndi 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, choncho thumba la makilogalamu 35 limatenga nkhuni pafupifupi makilogalamu 250. Nkhalango yonse ija, ngakhale mabanja onse atasiya kutolamo nkhuni, ingapirire matumba atatu okha pa sabata. Tsono bweretsani chitetezo mbaula n'kunena kuti yachepetsa nkhuni ndi gawo limodzi mwa atatu. Mudzi ukufunabe matani 102, nkhalango ikupereka 40. Apa ndipo model imaonetsa phindu lake. Imauza komiti kuti mbaula yokha siyipulumutsa nkhalango, kulondera kokha kungosamutsira nkhwangwa ku nkhalango ya boma, ndipo matani 60 otsalawo ayenera kuchokera m'minda: mapesi a nandolo, nthambi za nsangu ndi gliricidia, zitsa zosiyidwa kuti ziphukire n'kupatulira kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu. Manambala ndaikawa ndi ongoyerekeza, koma njira yake ndi yeniyeni, ndipo imasiyana kutali ndi kungonena kuti vuto ndi umphawi.

Chimodzimodzi pa nyengo yobzala mitengo, yomwe imayamba mu Disembala mpaka Epulo. Malipoti amanena mbande zobzalidwa, koma nkhalango imapangidwa ndi zomwe zapulumuka. Mwa mbande 10,000, zikapulumuka 60 pa 100 chaka choyamba, 80 pa 100 chachiwiri, 90 pa 100 chachitatu, zotsala ndi 4,320. Wophunzira wochulukitsa manambala atatuwa amaona yekha kuti ndalama yoonjezera ikagwire ntchito pa chaka choyamba, popalira, polambula njira zotchingira moto ndi potchinga mbuzi, osati pogula machubu ena.

Mfundo yachitatu imachokera kwa ophunzira eni ake. Amati modelling ndi masamu, masamu amatsitsa GPA (avereji ya malikisi onse), ndipo palibe wofuna kulemba sapu (mayeso obwereza) kapena kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu atalephera) chifukwa cha kosi yomwe adachita kuisankha yekha. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo mlandu suli kwa ophunzira. Uli pa kaphunzitsidwe komwe kamayamba ndi zilembo za calculus pa bolodi wophunzira asanaone chomwe zikuyankha. Masamu omwe ndagwiritsa ntchito pamwambapa ndi a Fomu 2. Ngakhale model yotchuka ya kakulidwe ka chiwerengero cha zamoyo, yomwe imaonetsa kuti nsomba m'damu kapena mitengo m'nkhalango imawonjezereka msanga ikakhala pafupifupi theka la zomwe malowo angasunge, ingalembedwe pa Excel m'mizere 30, mzere uliwonse chaka chimodzi. Wophunzira amasintha nambala imodzi ya zokolola n'kuona chiwerengero chikukhazikika kapena chikugwa. Amaonanso msampha womwe wagwetsa usodzi m'maiko ambiri, woti ukamakolola ndendende pamlingo wapamwamba womwe model yalola, chaka chimodzi cha chilala chimakwanira kuti chiwerengero chiyambe kutsika osabwereranso. Pachifukwa ichi ndikunena kuti kosiyi isafune kuti munthu ayambe wakhoza makosi atatu a biology, ndipo theka la malikisi lichokere pa ntchito ya kutchire ndi lipoti lake, osati pa mayeso a maola atatu.

Chitsanzo chomwe chimatsegula maso a wophunzira zaulimi ndi ntchemberezandonda zachilendo zija zomwe zidalowa m'dziko muno cha kumapeto kwa 2016, mpaka boma lidalengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Gulugufe wake wamkazi amaikira mazira pafupifupi 1,000 kapena kuposa, ndipo kukatentha moyo wonse kuchokera pa dzira mpaka gulugufe wina umatenga pafupifupi masiku 30. Mwa mazira 1,000, akapulumuka 10, asanu mwa iwo ndi aakazi, ndiye kuti m'badwo uliwonse ukuchulukitsa kasanu, ndipo mibadwo itatu ya dzinja limodzi ichulukitsa ka 125. Akapulumuka awiri okha, wamkazi ndi mmodzi, chiwerengero chaima pomwepo. Kusiyana kwa mliri ndi bata kuli pa mazira 8 mwa 1,000. Omwe amadya 8 amenewo ndi nyerere, akangaude, timavu tating'ono toikira mazira m'mazira a mboziyo, mbalame, ndi mvula yamphamvu yomwe imakokolola timbozi tongoswedwa kumene. Mlangizi yemwe wamvetsa izi salangiza kupopera munda wonse sabata iliyonse ndi mankhwala opha chilichonse, chifukwa akudziwa kuti akupha antchito ake aulere. Amayenda m'munda mokhotakhota ngati chilembo cha W, kuima malo asanu, kuyang'ana mapesi 10 pamalo aliwonse. Chimanga chikadali chaching'ono, mapesi 10 mwa 50 akapezeka ndi zizindikiro zatsopano ndiye nthawi yochitapo kanthu yakwana, ndipo chikakula mlingowo umakwera kufika pa mapesi 20. Akapopera amalunjika mumtima mwa chimanga, m'mawa kwambiri kapena madzulo, mbozi zikadali zazing'ono, chifukwa zikakula zimabisala pansi pa ndowe zake mankhwala osazifika.

Mfundo yachinayi imachokera kwa anthu ophunzira, ndipo ili ndi choonadi chambiri kuposa zinazo. Amati ma model ambiri adapangidwa ku Ulaya ndi ku America, pa nyengo ndi nthaka zakumeneko, ndipo kuno tilibe manambala okwanira oti tiwadyetse, ndiye zotuluka ndi bodza lovala suti. Ndikugwirizana nawo pa chenjezolo, koma ndikusiyana nawo pa mathero ake. Tengani chiwawu cha mbatatesi ndi tomato, chomwe chimatha kupsereza munda wa ku Bembeke kapena ku Lizulu m'sabata imodzi kukachita nkhungu ndi mvula yamawawa. Ku Britain alimi amachenjezedwa potsatira mlingo wotchedwa Hutton Criteria: masiku awiri otsatana omwe kutentha sikudatsike pansi pa madigiri 10, ndipo tsiku lililonse chinyezi cha mumpweya chidafika 90 pa 100 kwa maola osachepera 6. Mukautenga mlingowu momwe ulili n'kuuika pa mapiri a Dedza mu Januwale ndi Febuluwale, mwina udzalira pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chenjezo lolira tsiku lililonse palibe amalimvera. Koma njira yokonzera vutoli ndi kuyeza kuno. Kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi ola lililonse kaikidwe pakati pa masamba m'minda isanu, wophunzira azilemba tsiku lomwe madontho oyamba aoneka pa mtundu uliwonse wa mbatatesi, kwa madzinja atatu. Pamenepo tidzakhala ndi mlingo wathuwathu. Phindu lake ndi la ndalama zenizeni, chifukwa pa mankhwala a chiwawu, Dithane amangoteteza pamwamba pa tsamba ndipo mvula imamutsuka, pomwe Ridomil amalowa m'kati koma ndi wodula, ndipo akagwiritsidwa ntchito motsatizana matendawo amamuzolowera. Kudziwa sabata yoyenera uyu kapena uyo ndiko kusiyana kwa phindu ndi ngongole. Manambala akusowa chifukwa palibe akuwatola, ndipo kuchotsa kosi yomwe imaphunzitsa kuwatola sikungawabweretse.

Pali enanso omwe amati makolo athu ankasamala nkhalango popanda digiri. N'zoona, ndipo umboni wake uli m'mudzi uliwonse: pomwe patsala mitengo ikuluikulu yachilengedwe ndi kumanda. Kosi yabwino imayambira pomwepo. Ndi chilolezo cha mfumu, komanso potsata mwambo wa malowo, pakuti kumanda ndi kudambwe salowako chilowelowe, ophunzira angayerekeze mitundu ya mitengo yomwe ikuoneka m'mphepete mwa msitu wa manda ndi ya m'nkhalango yodulidwa, n'kudziwa zomwe zidasowa. Amayi otola bowa ndi masuku amadziwa mitengo yomwe bowa amamera pansi pake, ndipo sayansi imavomereza kuti bowa ambiri a m'miombo amakhalira limodzi ndi mizu ya mombo ndi msuku, n'chifukwa chake m'munda wa paini simupezeka bowa yemwe uja. Nzeru imeneyi ndi yeniyeni. Chomwe chasintha n'choti Dedza yokha idaposa anthu 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo malamulo omwe ankakwanira mudzi wa mabanja 15 akufunika kuwerengeredwanso pa mabanja 60.

Chotsala ndi ndalama. Oyendetsa mayunivesite adzati basi yopita kutchire imafuna mafuta, ophunzira amafuna chakudya ndi pogona, ndipo makompyuta ndi ochepa. Koma zida za kosiyi ndi zotsika mtengo kuposa za labu iliyonse ya chemistry: matepi, zingwe, penti, sikelo yopachika, ndi mafoni omwe ophunzira ali nawo kale, omwe amaonetsa malo pa mapu. Mapulogalamu a pakompyuta a R, yowerengetsera manambala, ndi QGIS, yopangira mapu, ndi aulere. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 n'zaulere, zimabwera masiku asanu aliwonse, ndipo kadontho kalikonse kamaimira mamita 10, zokwanira kuona pomwe uvuni wadya nkhalango, kupatula m'dzinja pomwe mitambo imaphimba. Malo ophunzirira aliponso kale. Ku Chongoni kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire, mkati mwenimweni mwa nkhalango yomwe ilinso ndi malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, omwe UNESCO idawazindikira mu 2006. Ku Bembeke kuli malo a kafukufuku wa zaulimi. Kutsika chigwa kuli sikimu ya mpunga ya Bwanje ya mahekitala 800, yomwe ngalande zake zimalimbana ndi mchenga wochokera kumtunda, ndipo ku Dedza-Salima kuli njovu zomwe zimafuna kuwerengedwa ndi kutchingidwa kuti zisalowe m'minda. Wophunzira wochokera ku Bunda kapena ku Zomba akafika ku Dedza, zonsezi zili pa ulendo wa tsiku limodzi. Chomwe chimapha makosi osankha nthawi zambiri si mafuta ayi, ndi ndandanda ya maphunziro. Kosi ya ecology imaikidwa ola limodzi ndi kosi yokakamiza ya dipatimenti ina, wophunzira zauinjiniya n'kulephera kulembetsa ngakhale akufuna, kenaka akuluakulu n'kunena kuti palibe akuifuna.

Anzanga ena omwe tili mbali imodzi amapitirira n'kunena kuti ecology ikhale yokakamiza kwa aliyense wolowa yunivesite. Apa ndikusiyana nawo. Kosi yokakamiza ya ophunzira 600 m'holo imodzi imasanduka yoloweza matanthauzo a mawu, yolemba mayeso osankha A, B, C, ndipo ndi yomweyo ndakana poyamba paja. Mphunzitsi mmodzi sangayang'anire mabwalo oyezera a anthu oposa 40. Chomwe ndikupempha ndi chocheperapo. Ophunzira zaulimi, zamadzi, zamisewu, zamapulani ndi zachuma azisankha kosi imodzi mwa zitatu, ya ecology ya kutchire, ya kasamalidwe ka zachilengedwe kapena ya modelling, ndipo zitatuzi zipatsidwe ola lomwe silikumana ndi kosi ina iliyonse yokakamiza. Kwa ena onse, a zamalamulo, a zautolankhani, a zauphunzitsi, khomo lingokhala lotsegula.

Pa kayendetsedwe kake, nyengo ndiyo ilamule osati kalendala ya ofesi. Kuyeza mitengo kumayenda bwino pakati pa Meyi ndi Ogasiti, udzu utayamba kuuma, njira zikudutsika, moto usanayambe, masamba akadalipo oti uzindikire mtundu wa mtengo. Mbozi ndi chiwawu zimafuna Januwale mpaka Malichi. Matope a mumtsinje amayezedwa pa mvula zoyamba, pomwe botolo la lita imodzi lotungidwa pa mlatho limasiyidwa kuti dothi likhale pansi, n'kuumitsidwa ndi kuyezedwa kulemera kwake. Mabwalo oyezera akhale okhazikika, chitsulo chokhomedwa pakati mpaka kubisika m'dothi kuti chisazulidwe, kuti gulu la chaka chino liyeze mitengo yomwe gulu la chaka chatha lidayeza. Ndipo lipoti lisathere m'kabati ya mphunzitsi. Tsamba limodzi la m'Chichewa, lonena mitengo yomwe ilipo, yomwe yawonjezereka ndi mitolo ya nkhuni yomwe ingatengedwe pa mwezi, liperekedwe kwa mfumu, kwa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo ndi ku ofesi ya zankhalango ya pa boma, ophunzira asanakwere basi yobwerera.